Nyumba ya matayala kutali ndi mpope ndi magetsi: mmene moyo wa mu motorhome umayendera

Pakhoma la m'kati mwa galimoto zambiri zokhalamo, chapafupi ndi chitseko, pamakhala kabokosi kakang'ono koonetsa manambala: mphamvu yotsala m'batire, madzi otsala m'thanki, ndiponso pamene madzi oipa afika m'thanki yake. Munthu amene waima pamalo olipira, pomwe pali soketi ya magetsi, mpope ndi ngalande yotayiramo zonyansa, kabokosiko sakayang'ana n'komwe. Koma amene waimika galimoto yake m'chipululu cha Arizona, m'nkhalango ya ku Sweden kapena m'mbali mwa nyanja ku New Zealand, komwe kulibe waya kapena paipi yoti alumikize, amakayang'ana akangodzuka ndiponso asanagone, chifukwa manambala amenewo ndi amene amamuuza kuti kwatsala masiku angati kuti abwerere m'tauni.

Galimoto yotereyi m'Chingerezi amaitcha motorhome, ndipo imasiyana ndi kalavani yochita kukoka chifukwa injini, chiwongolero, bedi, khitchini ndi chimbudzi zonse zili m'thupi limodzi. Ku America amazigawa patatu: Class A ndi zazikulu ngati basi, Class B ndi maveni wamba amene awakonza m'kati, ndipo Class C ndi zapakatikati, zimene kawirikawiri zimakhala ndi bedi pamwamba pa dalaivala. Lingaliroli si lachilendo ayi. Mu 1919 anthu oyenda ndi kugona m'galimoto zawo anakhazikitsa gulu la Tin Can Tourists ku Tampa m'chigawo cha Florida, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 kampani ya Westfalia ku Germany inayamba kuika mipando yogonapo ndi makabati m'maveni a Volkswagen, ndipo mu 1966 kampani ya Winnebago ku Iowa inatulutsa motorhome yake yoyamba. Kugona kutali ndi malo olipira nakonso kuli ndi mayina ake: ku America amati boondocking, ku Britain amati wild camping, ku New Zealand amati freedom camping.

Zithunzi za pa Instagram zimaonetsa chitseko chotsegula, kapu ya khofi ndi phiri chapatali, ndipo woziona amaganiza kuti nkhani yake ndi ya ufulu basi. Komatu nkhani yeniyeni ndi ya masamu. Zonse zimene nyumba yomangidwa pansi imalandira mwininyumba osaziganizira n'komwe, galimotoyi imayenera kuzinyamula, ndipo zonse zimene nyumbayo imataya kudzera m'mapaipi, galimotoyi imayenera kuzisunga mpaka itapeza pozitaya. Chilichonse chili ndi malire ake, ndipo chimene chayamba kutha, kapena kudzaza, ndicho chimalamula tsiku lonyamuka.

Magetsi

Galimoto yokhalamo imakhala ndi mabatire a ntchito ziwiri. Lina ndi la injini, lomwe ntchito yake n'kuliza galimoto basi, ndipo lina ndi la m'nyumba, lomwe limayatsa mababu, filiji, pampu ya madzi ndi kutchaja mafoni. Amawalekanitsa dala kuti munthu asadzuke m'mawa n'kupeza kuti filiji yamwa mphamvu yonse ndipo injini ikukana kulira, ali pamtunda wa makilomita 40 kuchokera pamsewu wa phula.

Kukula kwa batire kumayezedwa mu amp-hour, mwachidule Ah, ndipo batire la 100 Ah pa 12 volts limasunga ma watt-hour pafupifupi 1,200. Nambala yolembedwa pabatire, komabe, si yonse imene munthu angagwiritse ntchito. Batire lakale la mtovu ndi asidi likamatsitsidwa kupitirira theka kawirikawiri limafa msanga, choncho pa 100 Ah yolembedwayo, yodalirika ndi 50 yokha. N'chifukwa chake ambiri asamukira ku mabatire a lithium iron phosphate, amene amalola kuwatsitsa pafupifupi mpaka pansi, amatchajika mofulumira, ndiponso kulemera kwawo sikufika theka la a mtovu. Nawonso ali ndi chilema chawo: kuwatchaja pamene azizira kufika pansi pa 0°C kumawawononga, ndipo pachifukwa ichi abwino amakhala ndi kachipangizo kokana kulandira magetsi kukazizira, ena amakhala ndi kotenthetsera kawokawo.

Tiyeni tiwerengere tsiku limodzi la anthu awiri. Filiji yaing'ono ya kompuresa imadya pafupifupi 40 Ah pa tsiku, ndipo kukatentha imaposa pamenepo. Mababu, pampu ndi mafoni tiziike pa 15 Ah. Laputopu ya mawati 60 ikagwira ntchito maola 5 yatenga 25 Ah. Zonse pamodzi ndi 80 Ah, kutanthauza kuti batire limodzi la mtovu silifika ngakhale m'mawa mwake, pomwe la lithium limodzi limatha tsiku limodzi n'kutsala ndi kachenje kochepa. Amene amagwira ntchito pa intaneti amawonjezerapo china. Kuyambira mu 2022 Starlink ili ndi intaneti ya setilaiti ya anthu oyendayenda, ndipo dishi yake yaikulu imadya mawati apakati pa 50 ndi 100, moti ikayaka maola 8 imafanana ndi filiji yachiwiri. Dishi yaing'ono ya Starlink Mini, imene inatuluka mu 2024, imadya pafupifupi theka la zimenezo.

Zimene zatuluka m'batire ziyenera kubwerera, ndipo njira yoyamba ndi mapanelo a sola a padenga. Mapanelo a mawati 200, pa tsiku lowala bwino lachilimwe, amabweza ma watt-hour pafupifupi 700 mpaka 800 tikachotsera zotayika m'mawaya ndi chifukwa cha kutentha, zomwe ndi 60 Ah kapena kuposerapo pang'ono. Pepala limatero, koma denga lili ndi zake. Mapanelo a pagalimoto amagona chagada, sayang'ana kumene kuli dzuwa, ndiye m'mwezi wa December ku Scotland kapena ku Norway, dzuwa likamangodutsa m'munsi kwa maola ochepa, amapereka kagawo kakang'ono chabe ka zimene amapereka mu June. Mthunzi wa nthambi imodzi ukagwera pakona ya panelo ukhoza kutsitsa kwambiri mphamvu ya panelo yonse. Ndipo pali vuto lina loseketsa: pamalo otentha munthu amafuna kuima pansi pa mtengo, koma mapanelo amafuna padzuwa, ndipo walira mvula walira matope, pakuti galimoto yoima padzuwa imasanduka uvuni ndipo filiji imadya magetsi ochuluka kuposa kale. Ena amathana nazo ponyamula panelo yopinda yokhala ndi waya wautali, galimoto ili pamthunzi, panelo ili pambalambanda.

Njira yachiwiri ndi injini yeniyeniyo. Galimoto ikamayenda, alternator, chipangizo chopanga magetsi pa injini, imatumiza magetsi ku batire la m'nyumba kudzera pa chaja ya DC-DC, ndipo chaja ya 30 amps imabweza pafupifupi 30 Ah pa ola lililonse la ulendo. Apa m'pamene pamaonekera kusiyana kwa munthu wosamuka tsiku ndi tsiku, amene vuto la magetsi salidziwa kwenikweni, ndi wokhala pamalo amodzi sabata ziwiri, amene amadalira thambo. Njira yachitatu ndi jenereta, imene imagwira ntchito ngakhale kuli mitambo, koma phokoso lake ndilo gwero la mikangano yambiri pakati pa anthu amene anathawa phokoso la m'tauni.

Chimene chimadabwitsa oyamba kumene ndi zipangizo zotenthetsa ndi zoziziritsa. Ketulo ya mawati 2,000 ikalumikizidwa kudzera pa inveta, chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala ofanana ndi a m'nyumba, imakoka ma amp oposa 160, omwe amafuna waya wonenepa ngati chala ndi fyuzi yoyenera, apo ayi waya amatentha n'kuyambitsa moto. Makina oziziritsa mpweya a mawati 1,000, atayenda maola 8 osapuma, angakhuthule mabatire a lithium a 100 Ah okwana 6 n'kufunabe ena. Ambiri amene amakhala kutali ndi soketi, tsono, salimbana ndi kutentha pogwiritsa ntchito makina. Amangosamuka, kukwera kumapiri nyengo yotentha ndi kutsikira kuchigwa nyengo yozizira.

Madzi, ndi kumene amapita

Magetsi amabwereranso dzuwa likatuluka, koma madzi akapita apita. Thanki ya galimoto yapakatikati imasunga malita pafupifupi 100. Anthu awiri osamala, ogwiritsa ntchito malita 12 aliyense pa tsiku pakumwa, kuphika, kutsuka mbale ndi kusamba pang'ono, amaimaliza m'masiku 4. Shawa yotulutsa malita 8 pa mphindi ikatsegulidwa kwa mphindi 5 yatenga malita 40, pafupifupi theka la thanki, n'chifukwa chake kusamba kwa m'galimoto kuli ndi dongosolo lake: kunyowetsa thupi, kutseka madzi, kudzola sopo, kutsegulanso pang'ono n'kutsukuluza. Mbale amayamba azipukuta ndi pepala kuti mafuta asalowe m'paipi, ndipo madzi ozizira amene amatuluka podikira otentha amawatchera m'botolo kuti aphikire.

Madzi otuluka m'sinki ndi m'bafa amawatcha grey water, ndipo ali ndi thanki yawoyawo pansi pa galimoto. Ambiri amawayesa osavulaza chifukwa ndi a sopo chabe, koma muli mafuta, nyenyeswa za chakudya ndi tizilombo, ndipo akakhala masiku awiri kukutentha fungo lake limapikisana ndi la chimbudzi. M'malo ambiri kuwataya pansi n'kulakwira lamulo.

Chimbudzi ndicho sichioneka pazithunzi, chikhalirecho ndicho chimabweza anthu ambiri m'tauni batire likadali lodzaza. Galimoto zikuluzikulu za ku America zimakhala ndi thanki yomangirira yotenga malita oposa 100, imene amaikhuthula ndi paipi yaikulu pamalo otayira. Ku Ulaya zofala ndi za kaseti, kathanki kochita kusolola pakachitseko ka kunja kotenga malita osapitirira 20. Popeza munthu wamkulu amakodza pafupifupi lita imodzi ndi theka pa tsiku, kuphatikizapo madzi otsukira, anthu awiri amadzaza kasetiyo m'masiku awiri kapena atatu. Ikadzaza palibe kukambirana. Mwini wake amaisolola, yolemera pafupifupi makilogalamu 20, n'kupita nayo pamalo ovomerezeka, kumasula kachivundikiro ka pakamwa pake, kupendeketsa kwinaku akudina kabatani kolowetsa mpweya kuti zisam'thovukire, kenaka kuthiramo madzi, kukhutchumula ndi kutsanulanso kawiri kapena katatu mpaka madzi atuluke oyera. Amene amaiwala kudina kabataniko amaiwala kamodzi kokha.

Pofuna kutalikitsa masiku, ena anasinthira ku zimbudzi zolekanitsa, zimene mkodzo umapita m'botolo lakutsogolo pomwe chimbudzi chimagwera m'chidebe cha utuchi kapena makoko a kokonati, ndipo kafani kakang'ono kamatulutsa mpweya kunja. Fungo loipa kwambiri limabwera ziwirizi zikasakanikirana, choncho kuzilekanitsa kumathandizadi, ndipo chidebecho chimatha sabata zingapo chisanadzaze. Ogulitsa amakonda kuzitcha zimbudzi zopanga manyowa, koma dzinali n'lokokomeza: m'sabata zochepa zimenezo zinthu zimangouma, sizisanduka manyowa, ndipo ziyenera kutayidwa mosamala monga zonyansa zina zilizonse. Botolo la mkodzo nalo limafuna kukhuthula tsiku lililonse kapena pakatha masiku awiri.

Moto, kuzizira ndi chinyezi

Kuphika, kutenthetsa madzi ndi kufunditsa m'kati kawirikawiri n'kwa gasi, ndipo gasi wa m'masilinda ali pawiri. Butane amasiya kusanduka mpweya kukazizira kufika cha pa 0°C, moti silinda yodzaza imakhala ngati yatha m'mawa wachisanu, pomwe propane amagwirabe ntchito mpaka cha pa −42°C. Onse awiri ndi olemera kuposa mpweya, ndiye akatayika amatsikira pansi n'kudikha, n'chifukwa chake kabati ya masilinda imakhala ndi bowo pansi lotulukira kunja, bowo limene siliyenera kutsekedwa ngakhale likulowetsa mphepo. Woyenda m'mayiko angapo a ku Ulaya amakumananso ndi vuto lakuti masilinda ndi milomo yake zimasiyana dziko ndi dziko, ndipo silinda ya ku Britain sangaisinthitse ku Spain.

Palinso mafiliji oyendera gasi, ochokera ku luso limene ophunzira awiri a ku Stockholm, Baltzar von Platen ndi Carl Munters, anatulukira mu 1922. Alibe kompuresa, amagwiritsa ntchito kamoto kakang'ono kuzunguliza ammonia m'mapaipi, ndipo potero amapulumutsa batire kwambiri. Chofunika n'chakuti galimoto iime mowongoka, pakuti ikapendekeka madzi a m'mapaipiwo sayenda bwino, filiji siziziritsa ndipo ikhoza kuwonongekeratu.

Pofunditsa m'kati, ambiri masiku ano amakonda zotenthetsera za dizilo, zimene makampani a Webasto ndi Eberspächer anatchuka nazo. Zimamwa m'thanki ya galimoto yomweyo, yaing'ono siifika kota ya lita pa ola, ndipo utsi wake umatulukira kunja. Koma fani yake ndi koyatsira kake zimadya batire, ndipo zimatero m'nyengo imene dzuwa likusowa. Choopsa zedi ndi kuyesa kudzifunditsa ndi chitofu chophikira kapena mbaula ya makala mazenera ali otseka, chifukwa mpweya wa carbon monoxide suoneka, sununkha, ndipo umapha munthu ali m'tulo. Alamu yochenjeza za mpweyawu iyenera kukhalamo m'galimoto iliyonse yogonamo anthu.

Mdani wina wachete ndi chinyezi. Kilogalamu imodzi ya propane ikapsa imatulutsa nthunzi yolemera pafupifupi makilogalamu 1.6, ndipo pamwamba pake pali mpweya wa anthu ogona, mphika wowira ndi matawulo onyowa, zonsezi m'kachipinda kachitsulo kakang'ono. Usiku nthunziyo imagwa ngati mame pamagalasi, kuseri kwa makabati ndi pansi pa matiresi, ndipo pakapita miyezi pamamera nkhungu ndipo chitsulo chimachita dzimbiri. Mankhwala ake amamveka ngati opanda nzeru: kusiya kazenera ka padenga kotsegula pang'ono usiku wonse, ngakhale kunja kukuzizira.

Sikelo

Wina anganene kuti yankho la zonsezi n'losavuta: onjezerani mabatire, kulitsani thanki, nyamulani kaseti yachiwiri. Chimaletsa ndi sikelo. M'mayiko a European Union ndi ku Britain, laisensi wamba ya gulu B kwa zaka zambiri yakhala ikulola kuyendetsa galimoto yosapitirira makilogalamu 3,500 itanyamula zonse, ndipo opanga amayesetsa kuti galimoto zawo zikhale pansi pa malire amenewa. Tiyerekeze kuti galimoto ikulemera makilogalamu 3,050 ili ndi dalaivala ndi mafuta, kutanthauza kuti kwatsala 450. Lita iliyonse ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye thanki yodzaza yatenga 100. Mnzake wa dalaivala watenga 70, masilinda awiri a gasi 46, mapanelo 25, chinsalu cha mthunzi cha m'mbali 35, njinga ziwiri ndi chomangirapo chake 45. Zotsala ndi makilogalamu 129 okha, oti mulowe chakudya, zovala, mapoto, zida zokonzera galimoto, mipando ndi galu ngati alipo.

Galimoto yolemera mopyola imachedwa kuima, imatenthetsa matayala, imakopa chindapusa, ndipo ikachita ngozi a inshuwalansi akhoza kupeza chifukwa chokanira kulipira. Matayala ake nawo ali ndi khalidwe lachilendo: popeza galimoto zambiri zotere zimayenda pang'ono n'kuima nthawi yaitali padzuwa zitasenza katundu, matayala amang'aluka ndi ukalamba mapanga ake asanathe. Manambala anayi omaliza pa chizindikiro cha DOT cha m'mbali mwa tayala amanena sabata ndi chaka chimene linapangidwa.

Kodi n'kololedwa kugona pati?

Apa mayiko amasiyana kwambiri, ndipo ndi pamene anthu amanamizana kwambiri. Kumadzulo kwa United States ndiko kuli mpata waukulu. Bungwe la boma la Bureau of Land Management limayang'anira maekala pafupifupi 245 miliyoni, ndipo pambali yaikulu ya malowa munthu amaloledwa kugona kwaulere masiku 14 pa masiku 28 aliwonse, kenaka ayenera kusamukira kutali, kawirikawiri mtunda wosachepera mamailosi 25. Nkhalango za boma za US Forest Service zili ndi malamulo ofananako. Kwa ofuna kukhalitsa, pali malo apadera monga La Posa pafupi ndi Quartzsite ku Arizona, pomwe chiphaso cholipira chimalola kukhala kuyambira pa 15 September mpaka pa 15 April, ndipo pali mipope, malo otayira zonyansa ndi mabini. Quartzsite ndi katauni ka anthu osakwana 3,000, koma nyengo yozizira chipululu chozungulira chimayera ndi madenga a galimoto za anthu othawa chisanu cha kumpoto.

Ku Ulaya malo ndi ochepa ndipo pafupifupi paliponse pali mwini wake. Ambiri amamva za ufulu woyenda m'tchire wa ku Sweden kapena wa ku Scotland n'kuganiza kuti ukukhudzanso galimoto, pomwe si choncho. Lamulo la Land Reform la ku Scotland la mu 2003 limapereka ufulu kwa woyenda pansi, wapanjinga kapena wapabwato wopanda injini kuti amange tenti, koma galimoto siliiphatikiza, ndipo ku Sweden kuyendetsa galimoto kunja kwa msewu n'koletsedwa ndi lamulo la mu 1975. Ku Germany amalola kugona usiku umodzi pamalo oimikapo galimoto pofuna kupumula kuti munthu athe kuyendetsanso bwino. Ku Spain amasiyanitsa kuimika galimoto ndi kumanga msasa: malinga ngati palibe chatulukira kunja kwa thupi la galimoto, munthu wangoimika, koma akangotambasula chinsalu cha mthunzi kapena kutulutsa mpando, wamanga msasa, ndipo malamulo ena ayamba kugwira ntchito. Portugal inakhwimitsa malamulo mu 2021 anthu a m'mbali mwa nyanja atadandaula, ndipo tsopano kugona m'malo otetezedwa n'koletsedwa, pomwe m'malo ena malire ndi maola 48 m'dera la khonsolo imodzi. Chimene chimapeputsa zinthu ndi malo osavuta amene makhonsolo amakonza, otchedwa aire ku France ndi Stellplatz ku Germany, pomwe pamakhala mpope ndi potayira zonyansa pamtengo wochepa kapena kwaulere.

New Zealand inatenga njira ina, yoyang'ana galimotoyo. Pambuyo pa lamulo la Freedom Camping Act la mu 2011, madandaulo a zonyansa zosiyidwa m'tchire sanathe, ndipo mu 2023 nyumba ya malamulo inakhwimitsa zinthu: galimoto yofuna chiphaso chatsopano chobiriwira chosonyeza kuti ndi yodzidalira iyenera kukhala ndi chimbudzi chomangirira, osati chonyamula m'manja, ndiponso iyenera kutha masiku atatu osafuna mpope kapena potayira. Chindapusa cha wogona pamalo oletsedwa ndi madola 400 a dzikolo. M'kuona kwanga, lamuloli linaloza pamene pali bala penipeni, chifukwa pafupifupi kulikonse kumene malo aulere atsekedwa, chimene chinakwiyitsa eni dera sichinali galimoto zoima phee ayi, koma mapepala a kuchimbudzi m'zitsamba, makaseti okhuthulidwa m'ngalande za mvula ndi moto wosiyidwa usanazime. Mapulogalamu a pafoni monga park4night ndi iOverlander athandiza anthu kupeza pogona, koma achititsanso kuti kamalo kamene kankalandira galimoto imodzi pa sabata kazilandira khumi usiku umodzi, ndipo mapeto ake amakhala chikwangwani choletsa kapena chitsulo chotchinga galimoto zazitali pakhomo.

Lamulo likalola, nthaka iyeneranso kulola. Odziwa amafika dzuwa lisanalowe, amaimika galimoto pouma n'kuyamba ayenda pansi kukaona njira, kuponda mchenga kuti amve kulimba kwake, kuyang'ana nthambi zotsika ndi kutsimikiza kuti pali potembenukira, popeza galimoto ya matani atatu ndi theka ikatitimira siikankhika ndi anthu awiri. Amaimika mphuno italoza kotulukira, amaika timatabwa pansi pa matayala a mbali yotsika mpaka kabotolo koyezera kasonyeze kuti yawongoka, ndipo amaona ngati foni ikugwira netiweki. M'chipululu amapewa kugona m'khwawa louma ngakhale mchenga wake ukhale wosalala bwanji, pakuti madzi saiwala khwawa, ndipo mvula yogwa kumapiri akutali ikhoza kutsika usiku pamalo pamene sipanagwe dontho. Msewu wadothi lamakande umene unali wouma polowa umasanduka phala mvula ikagwa, ndipo munthu amadikira masiku kuti uume, thanki ikutsika.

Anthu ake, ndi tsiku la m'tauni

Okhala moyo umenewu si amtundu umodzi. Alipo opuma pantchito, amene ku Australia amawatcha grey nomads, alipo achinyamata ogwira ntchito pa laputopu, ndipo alipo ambiri amene sanasankhe, koma lendi inawakwerera mpaka galimoto inakhala nyumba yokhayo imene angakwanitse. Magulu onsewa amaima m'chipululu chimodzi, koma injini ikafa, woyamba amakagona ku hotela podikira makaniko, pomwe womaliza amakhala wataya nyumba ndi galimoto tsiku limodzi. Onse amakumananso ndi vuto lakuti boma, banki ndi a inshuwalansi amafuna adiresi yokhazikika. Ku America ambiri amalembetsa ku South Dakota, Texas kapena Florida, zigawo zimene sizidula msonkho pa malipiro a munthu ndipo zimavomera adiresi ya kampani yolandirira makalata, ndipo gulu la Escapees, lomwe linayamba mu 1978, lili ndi ntchito yotereyi ku Livingston m'chigawo cha Texas. Mlendo woyenda m'mayiko a ku Ulaya a m'mgwirizano wa Schengen popanda chilolezo chokhalitsa amawerenganso masiku ena: 90 okha pa masiku 180 aliwonse.

Ndiye limafika tsiku limene nambala ina pakabokosi kaja yafika pamapeto. Zonse za m'kati zimabwerera m'makabati n'kukhomedwa, gasi amatsekedwa pasilinda, kazenera ka padenga kamatsitsidwa, ndipo dalaivala amazungulira galimoto kamodzi kuona ngati sanaiwale timatabwa kapena waya wa panelo. M'tauni ntchito zimatsatana mwadongosolo: choyamba kukhuthula chimbudzi, kenaka madzi a m'sinki kuti sopo wake atsuke paipi, kusamba m'manja, ndipo pomaliza kudzaza madzi akumwa ndi paipi yakeyake imene siyandikira konse potayira zonyansa. Zikatero pamatsala kutaya zinyalala, kuchapa zovala, kudzazitsa gasi, kuthira dizilo ndi kugula chakudya cha masiku akubwerawo. Pofika madzulo galimoto imakhala yalemeranso ndi makilogalamu oposa 100, batire latchajika ndi ulendo wa tsikulo, ndipo mwini wake amakhala akuyang'ana pamapu msewu wina wafumbi woti afikeko kusanade.